Lamulo la Mbale

Kwathu kunali lamulo loti chomwe chalowa m'mbale mwako umalize, apo ayi sudzuka patebulo. Analikhazikitsa ndi amuna anga, omwe akhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu kwa zaka khumi ndi zinayi. Poti kusukulu sawafunsa maganizo, malamulo awo onse amabwera nawo kunyumba. Wovutika nalo kwambiri anali mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, yemwe timamutchula kuti Loya chifukwa cha pakamwa pake. Tsiku lina anatha maola awiri akuyang'anizana ndi kabichi wozizira.

Patchuthi, abambo a anawa analengeza kuti ana afunika kuona dziko. Tinakwera basi, ulendo wa maola atatu, kupita ku tawuni ya asodzi kukadya za m'nyanja zongovuula kumene.

Fungo linatichingamira tisanatsike. Msewu wa kudoko unali wonyowa ngakhale kunalibe mvula. Madzi otsukira nsomba ankayenda m'ngalande atasenza mamba ndi matumbo, ntchentche zikuperekeza ngati pamaliro. Tinalowa m'lesitilanti ya matebulo anayi, okutidwa ndi pulasitiki yomata zigongono.

"Ine ndi ana nsomba yokazinga," ndinauza mwini wake, mayi wovala epuloni ya madontho amagazi.

"Yokazinga ili paliponse," abambo anatero. Analoza alendo awiri omwe ankapsontha zinthu m'zigoba. "Ine zijazo. Ana aone mmene anthu oyenda amadyera."

"Ndi nkhono za m'nyanja, achimwene, ndiye timadya zosaphika," anatero mayiyo. "Munadyapo?"

"Kangapo konse."

Ine ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu. Ulendo wawo wautali kwambiri unali wa semina ya masamu.

Mbale inafika: zigoba zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi kanthu kotuwa, konyezimira, kosambira m'timadzi take. Mayiyo anafinyira ndimu pa kamodzi, kanthuko nkudzikoka.

"Mwaona? Zikadali moyo. Kuno sitigulitsa mitembo."

Mzime wathu wa zaka zinayi anasuzumira. "Amama, ndani wamina m'mbale mwa adadi?"

Abambo ananyamula chigoba, kuchifikitsa pamlomo, kuchinunkhiza, nkuchibweza. Anatifotokozera ubwino wa nkhono ku ubongo. Anapukuta magalasi. Kenaka anayang'ana wotchi.

"Mpweya wa kuno ndi wokhutitsa. Tiyeni, basi ingatisiye."

"Adadi," anatero Loya mosakweza mawu. "Mbale."

"Limenelo ndi lamulo la kunyumba."

"Kwa azakhali munati lamulo limayenda ndi munthu."

Anandiyang'ana kuti ndiwapulumutse. Ine ndinali wotanganidwa ndi minga.

"Palibe vuto, adadi," Loya anapitiriza. "Zisiyeni. Nanenso kabichi ndizimusiya."

Apo nkhani inali poyera: nkhono zisanu ndi imodzi, kapena lamulo lithe. Abambo anamasula tayi.

Yoyamba inatsika mwaulemu, ngakhale misozi inalengeza m'maso. Yachiwiri inafika pakhosi nkusintha maganizo. Tonse tinaiona ikubwerera, masaya atatupa, iwo nkuibweza ndi madzi. Yachitatu anailuma mwangozi. Phokoso lake sindidzaliiwala, ngati kuponda phwetekere wowola ndi phazi losavala. Ndinakankhira nsomba yanga kutali.

"Ndikuthandizeni, adadi?" anafunsa mzime.

"Kuthandizana nkoletsedwa," anatero Loya. Limenelonso linali lawo lomwe.

Mwadzidzidzi abambo analoza pazenera. "Taonani bwato lalikululo!" Tonse tinacheuka. Kunali bwato wamba. Pobweza maso, zigoba zonse zinali mbee, abambo akupukuta pakamwa ngati nduna itatha kutsegulira mlatho.

"Umu ndi mmene munthu amasungira lamulo," anatero.

M'basi tinakhala mbali ya dzuwa. Ola loyamba linadutsa bwino. Lachiwiri, anthu anayamba kutsegula mazenera. Mayi wa kumbuyo kwathu anasuzumira thewera la khanda lake kawiri, nkulipepesa. Kondakitala anafunsa ngati wina wanyamula nyambo. Abambo anagwirizana ndi onse kuti anthu ena alibe khalidwe, uku ntchentche zitatu zitakhazikika pathumba la jekete yawo, pomwe banga lonyowa linkakula pang'onopang'ono kutsikira ku thalauza.

Loya anayang'ana bangalo, kenaka anayang'ana bambo ake. Mwana ameneyu akakhala chete ndiye kuti mlandu wapsa.

Titafika kunyumba, Loya anapita kukhitchini, nkubwera ndi mbale yoyera ndi supuni. Anaziika pamalo pa abambo, nkuwakokera mpando.

"Zatsala zitatu, adadi. Munati chakudya chobisa chimabwerera patebulo."

Abambo anapisa dzanja m'thumba. Chomwe anakhudzamo sindikuchidziwa, koma dzanjalo linatuluka msanga, iwo nkuthamangira kubafa. Tinawamva tili pabalaza kwa nthawi ndithu.

Pa chakudya chamadzulo anakhala ndi tiyi wopanda mkaka. Anatsokomola, nati atafunsa mbali zonse zokhudzidwa, aona kuti lamulo la mbale lakwaniritsa cholinga chake, choncho lapumitsidwa.

Loya anathokoza mwaulemu, nkusunthira kabichi wake m'mphepete.

Jekete ndinaiyanika pachingwe panja, nditaigwira ndi ndodo. Amphaka a m'dera lonse anabwera kudzapereka ulemu.