Mwini Wake Ayankhe Yekha

Lolemba m'mawa kompyuta inandikananso. Ndinalemba dzina langa ndi mawu achinsinsi, iyo n'kungotulutsa kabokosi kofiira koti sikundidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuigwirira ntchito kampani imeneyi, lero akuti sakundidziwa!

Ntchito yanga ndi yolowetsa mu kompyuta mafomu a anthu opempha chipukuta misozi ku inshulansi. Chidwalireni sitiroko amuna anga, miyezi isanu ndi itatu yapitayo, abwana anandilola kugwirira kunyumba. Tebulo langa lili pabalaza pafupi ndi zenera, ndipo ndikangocheuka ndimawaona bambowo pampando wawo, dzanja lamanja lili pamwendo ngati si lawo. Akatsamwa ndimamva. Akafuna kuchimbudzi ndimadzuka. Ana athu ali kutali ndi mabanja awo, moti m'nyumba muno tilimo awiriwiri.

Ndinaimbira mkulu wa makompyuta ku ofesi kwathu.

"Mayi, adilesi yanu yasinthanso," anatero, mawu ake otopa kale. "Makina athu amalola okhawo amene adilesi yawo ya IP tinailembetsa. Kwanuko magetsi akangothima, rauta, kachipangizo kolandirira intaneti kaja, ikayakanso, a intaneti amakupatsani ina. Mwezi uno wokha ndakulembetsani kasanu ndi kawiri."

"Ndiye magetsiwo ndimathimitsa ndine?"

"Sindinatero. Koma abwana ati zakwana. Kapempheni adilesi yokhazikika, yosasinthasintha. Ikapanda kupezeka pofika Lachisanu 12 koloko masana, Lolemba mubwere mudzagwirire konkuno. Tebulo lanu lilipobe."

Tebulo lilipo, inde. Nanga munthu wanga ndimusiyira ndani kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Mutu unaima. Ndinaika foni pansi mwaukali mpaka supuni inalumpha m'kapu.

"Bwa... bwa..." anayamba bambowo.

"Bwanji? Palibe kanthu, bambo. Intaneti ikungochedwa."

Umu ndi mmene tinkayankhulirana. Iwo amayamba liwu, ine n'kulimaliza. Ndinkati ndikuwapeputsira ntchito. Munthu ameneyu anali wokonza mawailesi ndi ma TV, wolongolola kwabasi, moti anthu a mumsewu wathu mpaka pano amangowatchula kuti Amisiri. Kuwaona akulimbana ndi liwu limodzi milomo ili njenjenje kunkandipweteka mtima, ndiye ndinkafulumira kuwalanditsa. Za kubwerera ku ofesi sindinawauze. Sindinafune kuti adzione ngati katundu.

Lachiwiri ndinapempha mayi a nyumba yoyandikana nafe kuti aziwasuzumira, ine ulendo ku shopu ya kampani ya intaneti. Mumatenga kapepala ka nambala pakhomo n'kukhala pamipando yapulasitiki. Pakhoma panali TV yoonetsa banja lina likusekerera mozungulira rauta, ngati kuti rautayo yawabweretsera mwana. Ndinayang'ana wotchi kakhumi nambala yanga isanaitanidwe.

"Zimatheka, mayi," anatero mtsikana wa pakauntala, zikhadabo zake zazitali zikugogoda makiyi. "Mumangowonjezera kangachepe pamwezi. Koma akauntiyi ili m'dzina la ndani?"

"La amuna anga."

"Ndiye asayine okha fomuyi."

Masana amenewo tinakhala patebulo la kukhitchini ndi mulu wa maenvulopu akale. Siginecha ya bambowo inali yonyada, chilembo choyamba chachikulu, kumapeto kamchira kopindika. Dzanja lamanzere linakana zonsezo. Cholembera chinkaterereka, mzere n'kutsetsereka mpaka kutuluka pa envulopu. Ndinawagwira pamkono kuti ndiwatsogolere, iwo n'kundikankha ndi chigongono. Atadzaza maenvulopu khumi ndi atatu anasayina fomu ija, thukuta lili kamukamu.

Lachitatu mtsikana uja anaiyerekeza ndi ya mu kompyuta yake n'kupukusa mutu.

"Sizikufanana."

"Zifanane bwanji munthu dzanja linafa? Kalata ya dokotala nayi!"

"Pepani mayi, ine sindingaidutsitse. Kusintha akaunti kuti ikhale m'dzina lanu kumatenga masabata awiri. Njira yachangu ndi imodzi. A ku likulu adzaimba foni mawa kapena mkuja, adzafunsa dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso. Koma mwini wake ayankhe yekha."

Ndinatuluka m'shopumo n'kubwerera kunyumba. Foni ndiye chinthu chimene bambowo anachikana kwamtuwagalu. Atangotuluka m'chipatala, kasitomala wawo wakale anaimba, ndipo atamva mayankhulidwe awo anaseka n'kunena kuti, "Amisiri, mwayamba kumwa m'mawamawa?" Chiyambire tsiku limenelo, foni ikalira amayang'ana kukhoma.

Nditawafotokozera anapukusa mutu. "Inu... mu... mu..."

"Ndiyankhe ine? Sakulola, bambo. Ndi mafunso atatu okha. Ine ndidzakhala pomwepo."

Lachinayi ndinalephera kukhala pansi. Ndinakolopa pabalaza kawiri. Ndinaika foni patchaja ili yodzaza kale, ndinaichotsa, ndinakweza voliyumu, ndinaipititsa pazenera poopa kuti netiweki ithawa. Mafomu a ku ntchito anali mbwee, ine osalowetsa ngakhale imodzi. Ndikapita kubafa foni ndinkapita nayo.

Inalira cha m'ma 3 koloko masana. Ndinatsegula sipika n'kuigwirizira pafupi ndi pakamwa pawo. Anali mwamuna wa mawu odekha.

"Bambo, tiuzeni dzina lanu lonse."

Bambowo anakoka mpweya. Dzina loyamba linatuluka bwinobwino. Pa lachiwiri lilime linakodwa, ndipo ine, ndisanaganize n'komwe, ndinalimaliza.

"Mayi, chonde, ayankhe okha," anatero wa pafoniyo. "Bambo, munabadwa liti?"

"Pa... pa naini... Se... Se..."

Masekondi anayenda. Ndinkangoona munthu uja akutopa, akudula foni, ine Lolemba ndili pa siteji ya basi.

"Seputembala!" ndinatero.

"Pepani, sitingapitirize, chifukwa pali wina akuwauza mayankho. Tidzayesanso kamodzi mawa." Foni inaduka.

Bambowo anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere. Maso anali psuu.

"Mu-ma-ndi-tse-ka... pa-ka-mwa!"

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo tsiku limenelo unaphulika. "Ndikutsekani pakamwa? Ine? Mukudziwa chimene ndikuthamangira piringupiringu sabata yonseyi? Adilesi imeneyi ikapanda kubwera mawa 12 koloko, Lolemba ndikubwerera ku ofesi! Muzitsala ndi ndani muno? Mukagwa kubafa adzakudzutsani ndani?"

Nditamaliza ndinachita manyazi. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza kabati momwe mumakhala zikalata. Ndinawapatsa chiphaso chawo, ndipo mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo ndinkawamva akunong'ona manambala aja, kulakwitsa, n'kuyambiranso.

Lachisanu 9 koloko inakwana, foni ili zii. 10 koloko, zii. Mkulu wa makompyuta anatumiza uthenga pa kompyuta: "Mayi, zili pati?" Sindinamuyankhe, chifukwa ndikanamuyankha ndikanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Inalira 20 pasiti 11. Ndinaithamangira, koma bambowo anatambasula dzanja. Ndinawapatsa. Anaiika pamwendo, anadina sipika ndi chala chachikulu, kenaka anandiyang'ana n'kuloza chitseko.

"Bambo, nditangokhala phee pakona apa..."

Analozanso chitseko.

Ndinatuluka pakhonde n'kutseka. Khonde lathu ndi la mapazi asanu ndi limodzi kutalika kwake, ndipo ndinaliyenda uku ndi uku mpaka ndinaleka kuwerenga. Mawu ankamveka pang'ono. Dzina loyamba. Dzina lachiwiri, movutikira, koma linatuluka. Kenaka tsiku lobadwa.

"Se... Se..."

Ndinapezeka nditagwira chogwirira cha chitseko. Liwu lija linali litadzaza m'kamwa mwanga. Ndinaluma chala cholozera mpaka mano anadinda. Wogulitsa matsache anadutsa mumsewu akukuwa, ine n'kumukalipira ndi manja kuti akhale chete, iye n'kundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Atapitirira, m'nyumba munkamveka manambala, imodziimodzi, pakati pake mpata woti munthu angamwe madzi.

Kenaka kunangoti zii. Mphindi imodzi, ziwiri. Ndinamva ndodo ikugogoda pansi, phazi likukhwekhwereza, chinthu china n'kugwa kuti phuu! Ndinakankha chitseko mtima uli m'mwamba.

Chinagwa chinali buku. Bambowo anali chilili pa shelefu ya rauta, atatsamira khoma ndi phewa, pulagi ili m'dzanja lamanzere, milomo ikuwerenga. Atafika pa makumi atatu anaibwezera pa soketi, monga anawauzira wa pafoni uja. Tinyali tinayamba kuphethira, kofiira, kenaka tobiriwira. Malaya awo anali atanyowa msana wonse.

Pafoni panali uthenga wa adilesi yokhazikika ija: manambala, magulu anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Ndinawatumiza ku ofesi nthawi ili 10 tu 12. Posakhalitsa mkulu wa makompyuta analemba kuti, "Yesani." Ndinalemba dzina ndi mawu achinsinsi, mafomu anga onse n'kutseguka.

Ndinawathandiza kubwerera pampando. Anapuma kaye, akuwefuka, kenaka anandigwira mkono kuti ndisachoke.

"Lo... Lo..."

Ndinkadziwa chimene ankafuna kunena. Ndinagwada pambali pa mpandowo, ndinatseka pakamwa panga, n'kudikira. Zinatenga nthawi, misozi yanga n'kuyamba kutsika ndisanamve liwu lachiwiri.

"Lolemba... mayi... si-mu-pi-ta."