Malangizo Aulere a Ba Kapembwa

Ba Chisala atamwalira, akuntchito kwawo anapereka ndalama kwa akazi awo, Ba Elesi. Ana atatu, nyumba ya lendi ku Chawama, ndipo ndalamazo zikatha kunalibenso zina. Ba Elesi anapita kutauni kwa mlangizi wa zachuma, koma atamva kuti kucheza naye n'kolipira, ananyamula chikwama chawo.

"Nilipire pakamwa chabe? Iyayi."

Ndiye mukudziwa mmene nkhani zimayendera pampopi. Azimayi ankanong'onezana za Ba Kapembwa a kuseri kwa msika, olangiza anthu ulere. Ba Elesi anapitako dzuwa lili pamutu, koma m'nyumbamo munali bii, mawindo atakhomedwa malata. Pakona panali masutikesi osanjikizana, iliyonse italembedwa dzina la munthu wakufa.

"Mwafika, akazi a Chisala," anatero mawu otsika, iwo asanadzitchule n'komwe. Kenako bamboyo anatchula ndalama zonse, osaphonya ngakhale ngwee. "Amuna anu safuna banki. Mubweretse pa Chisanu, zigone mu sutikesi masiku seveni, zizabala. Osauza munthu."

Potuluka, Ba Elesi anaona sutikesi yatsopano pafupi ndi chitseko. Inali italembedwa kale kuti Chisala. Anafulumira kubwerera kunyumba.

Koma chinsinsi pa Chawama? Asanavule ndi nsapato zomwe anali atauza kale aneba awo, Ba Mwaba, mtsogoleri wa gulu la azimayi losonkherana ndalama.

"Ganizani bwino," anatero Ba Mwaba. "Pamaliro paja, banja likukamba za katundu m'nyumba, ni ndani anakhala pansi pa windo?"

Ba Elesi anakumbukira. "Uja wa chipewa chakuda?"

"Ndiye Kapembwa wanu uyo. Maliro alionse mu komboni, alipo. Salira, sadya, amamvetsera chabe. Imwe mwayesa ni mizimu?"

"Nanga wa kutauni uja, si adula?"

"Adula mukapita mweka. Ise mu gulu tilipo khumi."

Anasonkherana, n'kumuitana mlangizi uja kutchalitchi. Asanayambe, Ba Mwaba anamufunsa chiphaso chake, mtengo wake wonse, ndiponso ngati pali wina amene amamulipira kuseri. Iye anayankha zonse poyera. Ba Elesi anasunga gawo lina kubanki m'dzina lawo, lina n'kugulira firiji yogulitsira nsomba.

Mwezi usanathe, chitseko cha Ba Kapembwa chinapezeka chili pululu, mwini wake kulibe. M'masutikesi munali nyuzipepala zodulidwa bwinobwino ngati ndalama. Azimayi atatu amasiye amene anasiya ndalama zawo mmenemo anakhala pakhomopo tsiku lonse. Ndipo akuti sutikesi ya Chisala ija inali pomwepo, yotsegula, ikudikirabe.

Anzanga, malangizo aulere ochitira mumdima amadula kuposa olipira. Funsani chiphaso, funsani mtengo, ndipo ukakukulirani, gwirizanani ndi anzanu. Wokuuzani kuti musauze munthu, muthaweni.