Zikhomo m'munda wa Nelia

Hudson anabwerera kwawo ku Nselema atagwira ntchito zaka zingapo pa mgodi wa miyala ya chitsulo kumpoto kwenikweni kwa dziko la Canada, kumene dzuwa limatha miyezi osatuluka. Kumeneko ankayendetsa chimalole chonyamula miyala kuchoka pa mgodi kupita kudoko.

Atafika anapeza m'munda wa mlongo wake Nelia mwakhomedwa zikhomo. Kampani ina inali itapeza miyala yomweyo m'phiri la kuseri kwa mudzi.

"Achimwene, inu mwaziona izi. Tivomere?" anafunsa Nelia.

"Ndikayankhula pamsonkhano, achemwali, kuti aliyense amve yekha."

Msonkhano unachitikira pabwalo la tchalitchi. Achinyamata ankayembekezera kuti Hudson ayamikira mgodi, poti nyumba yake ya malata inachokera komweko. Iye anaimirira manja ali kumbuyo.

"Mgodi unandidyetsa, sindikana," anatero. "Koma kumene kuja kulinso eni dziko, anthu osaka nyama. Mnzanga wina, mlenje, ankasungunula chisanu choundana kuti apeze madzi ophikira tiyi. Malole athu atachuluka, fumbi linafiiritsa chisanu chonse mpaka anasiya kumwa. Nyama za m'nyanja zinathawa phokoso la sitima za pamadzi. Mwana wake analembedwa ntchito pa mgodi, iyeyo n'kumapita kutali kukasaka, kubwerako chimanjamanja."

"Ndiye mukuti tikane?" anakuwa Dave, mnyamata wa kabaza.

"Iyayi. Ndikuti mufunse fumbi lizipita kuti, madzi azichokera kuti. Kumene kuja eni dziko sanafunsidwe, ndipo ife sitinafunse."

Anthu anagawanika, koma ovomera ndiwo anachuluka. Mvula itatha, mathirakitala anafika. Munda wa Nelia unali pomwe msewu unayenera kudutsa, ndipo anauzidwa kuti asamuke akangokolola.

Akampani atamva kuti m'mudzimo muli dalaivala wodziwa ntchito, anamuitana Hudson. Iye anakana lole ya miyala, napempha galimoto yothira madzi mumsewu pochepetsa fumbi. Anamupatsa. Nelia atamuona atavala ovolosi ya kampani, analowa m'nyumba osamulonjera. Anakhala choncho mpaka chimanga chinauma.

Tsiku losamuka, Hudson anabwereka lole kwa mnzake wa ku Ulongwe, naima pakhomo pa Nelia. Anakweza matumba, mbuzi ndi zitseko, n'kunyamuka ulendo wa ku Ngokwe, kwawo kwa mwamuna wa Nelia, kumene anawapatsa malo olima thonje.

Atatsitsa katundu, Nelia anapatsa Hudson madzi akumwa.

"Bwanji simunangowauza kuti akane?"

"Akanandimvera ine wa nyumba ya malata?"

Nelia anayang'ana mbuzi zikununkhiza malo achilendo.

"Manda a amayi atsala ndi inu," anatero. "Muziwalambula. Ndipo mathirakitala akayandikira, mundiimbire foni ndisanamve kwa anthu."

Hudson anavomera, nabweza kapu. Anayenera kubweza lole dzuwa lisanalowe.