Moni wa Dzanja Lamanja

"Anandiveka chisoti cha mawaya, inu, n'kuyatsa magetsi," a Lyton ankauza anthu m'golosale ya pa Nsaru. "Dokotala anachita kuitana anzake kuti adzaone. Akuti ubongo wolandira moto chonchi ndi wosowa."

Mayi Febe, akazi awo, anali pakhomo pa golosaleyo kudikira mchere. Anayang'ana mkono wamanja wa amuna awo, uli lende m'jekete ngati sokosi yoiwalika pachingwe.

Zoona zake zinali zocheperako. A Lyton, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, anagwa ndi sitiroko mvula ili mkati. Mwendo unabwerera. Pakamwa panawongoka msanga, mwina msanga kwambiri. Koma mkono unakana. Kuchipatala cha mumzinda anawalowetsa m'kafukufuku: timawaya pamutu, kunyerenyesa pang'ono, kenako kutola zitsekerero za mabotolo n'kumaponya m'kapu. Mayi wochititsa mafizo ananena momveka kuti magetsiwo amangodzutsa ubongo, mkono umaphunzira ukamagwira ntchito tsiku ndi tsiku. A Lyton anafika kumudzi ndi theka loyamba lokha la uthengawo.

Panali nkhani imene sankaitchula m'golosale. Atamwalira mayi Benedeta, akazi a mnzawo wa paubwana a Paulo, a Lyton anapita kukapepesa. A Paulo anadzuka pamphasa n'kutambasula dzanja. Lamanja la a Lyton silinanyamuke, ndipo kupatsa namfedwa lamanzere anthu akuona kukanakhala kutukwana. Anangoima chilili. Dzanja la a Paulo linadikira m'malere, kenako linabwerera kwa mwini wake. Popeza Nsaru yonse inali itamva kuti magetsi anawachiritsa, a Paulo anaganiza zomwe aliyense akanaganiza. Kuyambira pamenepo njinga yawo inkadutsa pakhomo pa a Lyton osaliza ndi belu lomwe.

Atabwerako kugolosale tsiku lija, mayi Febe anaika lichero la mtedza pamiyendo ya amuna awo.

"Swani."

"Mayi a Ethel, ine ndaphunzitsa anthu amene lero akuyendera galimoto."

"Eya. Koma magetsi munabwera nawowa asangokhala. Tiwaone ntchito yake."

Anagwirizana kuti ntchitoyo izichitikira kuseri kwa nkhokwe, kumene mpingo sungaone. Zala zinkaphonya, mtedza unkathawira pansi, ndipo nkhuku za pakhomopo zinanenepa chaka chimenecho. A Lyton ankazidzudzula m'Chingerezi.

M'mawa uliwonse mayi Febe ankaima pakhonde n'kutambasula dzanja.

"Mwadzuka bwanji, abambo?"

"Kodi tagona nyumba imodzi, ndiye moni wamanja ngwachiyani?"

"Ndine mlendo. Ndachokera ku Kabudula. Dzanja."

Poyamba mayi Febe ankachita kulinyamula okha dzanja la amuna awolo, lolemera ndi lozizira ngati chinangwa chongokumba kumene. Patapita nthawi linkawachingamira pang'ono panjira. M'mawa wina, fodya atatha kugulitsidwa, zala zija zinapinda zokha n'kugwira zala zawo. Mayi Febe anachedwa kulisiya. Anati utsi wawalowa m'maso, ngakhale moto unali usanakolezedwe.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, anthu anaunjikana panja pa tchalitchi kupatsana moni. A Paulo anali pansi pa mtengo wa mkesha akumasula njinga. A Lyton anapita molunjika, mwendo umodzi ukukokera pang'ono, ndipo amayi a chigwirizano anasiya macheza.

A Lyton anaika dzanja lamanzere pansi pa chigongono chamanja, monga amachitira munthu waulemu. Mayi Febe okha ndiwo ankadziwa kuti ulemuwo unkasenzanso katundu. Mkono unakwera pang'onopang'ono, unaima panjira, unakweranso.

"Achimwene," anatero a Lyton, "tsiku lija dzanjali linali lakufa. Pakamwa pokha ndi pamene panachira. Pepani ndi maliro a mlamu wanga."

A Paulo anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Njinga inagwa, ndipo palibe amene anaidzutsa. Analigwira ndi manja onse awiri.

"Mwachedwatu nawo moniwu, aphunzitsi."

"Unachokera kutali."

"Magetsi aja, eti?"

A Lyton anatsegula pakamwa, ndipo anthu anakonzeka kumva za dokotala ndi anzake. Koma maso awo anakumana ndi a mayi Febe.

"Magetsi anangogogoda," anatero. "Anatsegula ndi awo ayima apowo. Ndi mtedza."

"Theka la mtedza," anatero mayi Febe. "Linalo funsani nkhuku."

A Paulo anali asanasiyebe dzanja lija.