Foni Yomvera Chala cha a Matilda

Foni italira, a Frackson anaponya khasu pansi n'kuyamba kulimbana nayo. Anatsetsereza chala chachikulu pagalasi, osatheka. Anayesa chamkombaphala, osathekabe. Anaipukuta pamalaya, anaiuzira mpweya ngati akukoleza moto, koma kachizindikiro kobiriwira kaja kanangopitiriza kudumphadumpha, foni ili kulira.

"Mayi a Tadala, tayesani inu!"

Akazi awo, a Dainess, anali pakhonde akupeta nandolo. Anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kukanda galasilo ndi mphamvu zawo zonse. Nawonso inawakana.

"Basi, ndithamangire kwa a Matilda isanaduke," anatero a Frackson, uku atalowa kale pakampata ka mumpanda wa nkhadze.

Kunena zoona, mwamuna wa imvi sayenera kuthamanga chonchija popita kwa mkazi wamasiye. A Dainess anaziona zimenezo, ndipo mtima unawawawa.

Foniyo inachokera ku Joni. Amene anaitumiza ndi mwana wawo wamkazi, Tadala, kuti makolo ake aziona nkhope ya Vincent, kamdzukulu kamene kanabadwira komweko ndipo kanali kasanapondepo ku Mbulumbuzi. Inali foni yopanda mabatani, yagalasi lokhalokha, ndipo chifikireni inasankha munthu mmodzi yekha womumvera. Munthuyo anali a Matilda, telala wa kuseri kwa mpanda. Iwo akangoikhudza pang'ono, foni inkatseguka msangamsanga.

A Matilda sanali munthu wamba kwa a Dainess. Awiriwa anavinidwa limodzi ali atsikana, ndipo ankaitanana kuti achinjira. Mulungu sanawapatse mwana a Matilda, choncho Tadala anakulira pamsana pawo. Amuna awo atamwalira, a Dainess ndi amene anatenga chikwanje n'kudula kampata kaja mumpanda, kuti mnzawoyo asamazungulire kumsewu akafuna moto, mchere kapena munthu wocheza naye.

Tsiku limenelo a Dainess analondola amuna awo mwakachetechete n'kuima pakampatapo. Pakhonde la a Matilda, pambali pa makina osokera, mitu iwiri inali itagundana pakagalasi kamodzi. M'foni munamveka kamawu kakang'ono.

"Agogo! Agogo!"

"Eee, amuna anga! Mwadya chiyani lero?" anatero a Matilda, akuseka mpaka misozi.

Mdzukulu wamwamuna amatchedwa "amuna anga" ndi agogo ake enieni, aliyense amadziwa. A Dainess anali asanamutchulepo choncho Vincent ngakhale kamodzi. Nthawi zonse foni ikamafika m'manja mwawo, mwana amakhala atatopa, wathawira kukasewera, iwo n'kungoona denga la nyumba ya ku Joni ndi chipumi cha Tadala. Anabwerera ku lichero lawo, koma nandolo anampeta mwaukali moti wina anathera pansi.

M'mawa mwake kumjigo a Dainess anangodandaulako pang'ono, monga amachitira munthu amene nkhani yamukwana pakhosi. Tsoka lake, pamzere panali a Deborah, amene sanasowepo yankho la funso lililonse padziko lapansi.

"Mukuti imamvera chala cha a Matilda okha?" anafunsa a Deborah, akutsitsa chidebe. "Iii, amayi inu, mwagona! Mafoni a masiku ano amachita kulembetsa chala. Alamu anga a ku Limbe, yawo imatseguka ndi chala chawo chokha, ngakhale akazi awo imawakana. Munthu amasankha yekha chala chimene akuchikonda n'kuchidinda m'menemo."

"Ndiye mukuti bambo a Tadala..."

"Ine sindinanene kanthu. Koma utsi sufuka popanda moto."

Amayi ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. A Dainess anasenza madzi awo, theka linatayikira m'njira.

Masana anawafunsa amuna awo, osazungulira.

"Bambo a Tadala, chala cha a Matilda munachilembetsa liti m'foni ya mwana wanga?"

A Frackson anaseka mpaka kutsokomola. "Kulembetsa chala? Ine amene dzina langa lomwe ndimalemba thukuta lili kamukamu? Mayi, zakumva zimapweteka mutu."

"Sekani. Koma mudziwe kuti mapanga awiri avumbwitsa."

"Phanga lachiwiri ndilipeza kuti ine, mano atatha kale m'kamwamu?"

Akanadziwa, sakanaseka. Munthu wansanje ukamuseka, amati wavomera. Kuyambira tsikulo a Dainess anayamba kuona zinthu zimene kale sankaziona. Anaona kuti a Frackson amasamba kumaso foni ikayandikira kulira. Anaona kuti chigamba cha pabondo la buluku lawo chinasokedwa bwino kwambiri, ndi ulusi wofanana ndi nsalu. Koposa zonse anaona manja a a Matilda, osalala, odzola mafuta, zala zowongoka ngati za namwali. Akayang'ana awo, ankaona zikundu za khasu ndi ming'alu yakuda imene sopo anailephera kalekale.

Zinaphulika Loweruka masana. Pakhonde la a Matilda panali amayi akutchalitchi odzatenga mabulauzi awo oyera. Foni inalira, a Frackson anadutsa pakampata monga mwa masiku onse, koma ulendo uno akazi awo anali pambuyo pawo. A Matilda atangotambasula dzanja, a Dainess anaitsomphola foniyo.

"Achinjira, kwagwanji?" anafunsa a Matilda, akumwetulirabe.

"Musanditchule choncho! Chinjira wanji wolowa m'nyumba ya mnzake kudzera pafoni? Mwadindamo chala chanu, mukuganiza kuti sindikudziwa?"

"Mayi a Tadala, taugwirani mtima, pali anthu pano," anatero a Frackson.

"Anthuwo amve! Mwamuna mwanditengera, mwana mwanditengera, lero mukufunanso mdzukulu? Wofuna kutchedwa agogo azibereka wake!"

Foni inasiya kulira. Mayi mmodzi anagwira pakamwa. A Matilda sanalire. Anangokhala pansi pampando wawo, anakonza nsalu pansi pa singano, n'kuyamba kupalasa makina pang'onopang'ono. Mawu amenewo anali asanawamvepo kwa munthu aliyense m'mudzimo, ngakhale kwa abale a malemu amuna awo.

A Dainess anabwerera kwawo, mumtima akuti achita bwino. A Frackson sanadye tsiku limenelo. Anangonena mawu amodzi: "Madzi akatayika saoleka, mayi."

Tsiku la msika a Dainess anamanga foni pansonga ya chitenje n'kuyenda wapansi mpaka pa Mbulumbuzi. Pafupi ndi ogulitsa tomato panali kabenchi ka Rabia, mtsikana wokonza mafoni, wovala mpango kumutu, wodziwika ndi pakamwa posachedwa kuseka.

"Mwana wanga, m'foni umu muli chala cha munthu wina. Uchifufute, ulembemo changa."

Rabia anaitenga, anaikhudza kamodzi, inatseguka. A Dainess anadzidzimuka.

"Nawenso ikukumvera?"

"Ndiye kuti nanenso ndine chibwenzi cha abambo, eti?" anatero Rabia, atamva nkhani yonse, akuseka. Ataona kuti mayiyo sakuseka, anatsitsa mawu. "Pepani amayi. Zolembetsa chala ziliko ndithu, koma foni iyi ilibe zimenezo. Ilibe loko ngakhale mmodzi. Taonani."

Anaitana mayi wogulitsa tomato, amene anaikhudza ndipo inamvera. Anaitana bambo wina wa kabaza amene anaima pafupi. Bamboyo anakanda, anadinikiza, anatukwana pang'ono, foni osagwedezeka.

"Mwaona? Galasi ili silimva mphamvu, ngakhale mulidinikize bwanji. Limamva timagetsi tating'ono timene tili m'thupi la munthu aliyense. Tsono khungu likakhuthala n'kuuma gwa, timagetsito sitidutsa, ndiye foni imangoona ngati yakhudzidwa ndi mtengo. Tandipatsani dzanja lanu."

A Dainess anapereka dzanja monyinyirika. Rabia analitembenuza, nasisita nsonga za zala.

"Awa ndi manja a khasu, amayi. Abambo nawo ali chonchi?"

"Kuposa apa. Iwo amaumbanso njerwa."

"Nanga mayi winayo?"

"Ndi telala," anayankha a Dainess, mawu atatsika.

"Basitu. Nkhani yonse ndi imeneyo." Rabia anapendeketsa foni padzuwa, n'kulowetsa chikhadabo m'mphepete. "Komanso ndani anamata magalasi awiri otetezera pamwamba pa sikirini? Mwaiveka majekete awiri, ndiye imve bwanji?"

A Dainess anakumbukira. Anali iwo amene anawakakamiza amuna awo kukamatitsa lachiwiri foni itangofika, poopa kuti mphatso ya mwana ingasweke.

Rabia anamatula galasi lapamwambalo, anapukuta fumbi, nasintha zina m'kati kuti foni izimva msanga. Kenako anapinda chala cha a Dainess n'kukhudzitsa pagalasi mfundo ya kuseri kwake, pamene khungu lili lofewa. Zithunzi zinatsetsereka. Nkhope ya Vincent inatulukira, akuseka, timano tonse poyera.

"Muzitero. Kapena muzidzola timafuta pang'ono kunsonga za zala, koma osati ndi manja onyowa, ingapenge. Foni sidziwa mkazi wamkulu kapena wamng'ono, amayi. Sidziwa n'komwe kuti ndinu ndani."

Ulendo wobwerera unatalika. A Dainess anayesa kuwakwiyira a Deborah, koma mkwiyowo sunagwire, chifukwa mawu aja a pakhonde sanatuluke m'kamwa mwa a Deborah. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu. Komabe, poti mtima wa munthu ndi wovuta, kansanje kanatsalira pansi pake. Mwamuna sanalandidwe, inde, koma manja osalala aja analipobe, ndipo awo anali omwewa.

Anawapeza a Frackson atakhala pamthunzi wa mango, akukhoma mpini wa khasu. Sanawapatse moni. Anangowagwira dzanja, anapinda chala chawo, n'kukhudzitsa mfundo pagalasi. Foni inatseguka.

"Aaa! Mwaichita chiyani?"

"Akuti imakana manja a zikundu. Anu ndi anga omwe."

A Frackson anayang'ana dzanja lawo, anayang'ananso la akazi awo limene linali likadawagwira. Onse awiri anali okhakhala mofanana.

"Ndiye imatikana tonse chifukwa tinalima munda umodzi," anatero. Sanaseke ulendo uno. "Nkhani imeneyi si ine woyenera kuimva poyamba, mayi."

A Dainess anamva. Analowa m'nyumba, anathira nandolo wosankha bwino m'kambale, anavindikira ndi kansalu. Mawu opepesa anawakonza ali m'njira yochokera kumsika, ndipo ankawabwereza chamumtima pozungulira kuseri kwa khitchini.

Kampata kanali kulibe. Pamalo pake panali nthambi za minga zolukanalukana, ndipo pansi pake wina anali atabzala timitengo tatsopano ta nkhadze, dothi lake likadali lonyowa ndi madzi othirira. Kuseri kunkamveka makina osokera.

"Achinjira!" anaitana a Dainess. "Achinjira, ndine!"

Makina sanaime.

Nthawi yomweyo foni inalira pansonga ya chitenje. A Dainess anaika mbale pansi, anamasula chitenjecho, anapinda chala monga anawaphunzitsira Rabia. Kachizindikiro kobiriwira kanatsetsereka bwinobwino. Kwa nthawi yoyamba anayankha okha foni ya mwana wawo.

"Amayi! Mwaitha lero?" anakuwa Tadala mosangalala. "Vincent, bwera msanga, udzapereke moni!"

Kankhope kaja kanadzaza galasi lonse.

"Amuna anga," anatero a Dainess. "Muli bwanji, amuna anga?"

Mwanayo anawayang'anitsitsa. Anasuzumira uku ndi uku, ngati akufuna kuona kuseri kwa phewa lawo. Kenako anatembenukira kwa mayi ake.

"Agogo ali kuti?"

Kuseri kwa mpanda makina anaima. A Dainess anadikira, foni ili m'manja, mbale ya nandolo ili pamapazi awo. Patapita kanthawi makina anayambanso kulira.