Makatoni Opanda Kanthu a Bambo Kachingwe

Pa koleji yaing'ono ya zaulimi ija ili kumtunda kwa Chintheche, aliyense ankalidziwa lamulo la a Mizeck Kachingwe, woyang'anira laibulale. Chilichonse cholembedwa m'katalogi mwawo chimayenera kukhala ndi malo pashelefu. Wophunzira akapeza dzina la buku pakompyuta, iwo ankadzuka okha, n'kuyenda mwaufumu pakati pa mashelefu, n'kudzamuika bukulo m'manja. Zaka makumi awiri ndi zitatu chichokereni kwawo ku Ntcheu, kuyambira nthawi ya timakadi ta m'madirowa mpaka pamene katalogiyo inakwera pa intaneti, anali asanauzepo munthu kuti buku lasowa. Za kuuma mutu ankanenedwa ndithu, koma za bodza ayi.

Tsono kunabwera magazini a kafukufuku a pa intaneti, mazanamazana, amene koleji inapeza pogwirizana ndi malaibulale ena. A Kachingwe anatumizidwa ku Mzuzu kukaphunzira kuwalowetsa m'katalogi, aliyense ndi linki yake, kuti wophunzira azingodina n'kuwerenga. Anaphunzira bwino, satifiketi n'kuipachika pakhoma, koma ntchitoyo sanaigwire.

"Ndilembe bwanji chinthu chimene sindingachigwire?" ankatero. "Mwana akandifunsa kuti chili pati, ndimulozere kumwamba?"

Chimene anachita n'kusindikiza mayina a makampani otulutsa magaziniwo papepala, n'kulimata kuseri kwa chitseko. Pepalalo linakhala pamenepo zaka ziwiri, lowerengedwa ndi abuluzi okha.

Lolemba lina m'mawa kunalowa mayi Lyness Mhone, mlangizi wa alimi a mpunga ku Limphasa, amene ankaphunzira uku akugwira ntchito. Anali mayi wa ana atatu, woseka mokweza, koma tsikuli nkhope inali itagwa. Anaponya pa tebulo kafukufuku wake wa matenda amene amasandutsa masamba a mpunga kukhala achikasu. Tsamba lililonse linali lofiira ndi inki ya mphunzitsi.

"Mwayuka wuli, ada? Ine madzi afika m'khosi," anatero, moniyo atapereka m'Chitonga. "Akuti mabuku amene ndatchula umu ndi akalekale. Ndikapanda kupeza zatsopano pofika Lachisanu masana, graduation ya chaka chino ndiiwale."

"M'katalogi munayang'ana, mayi?"

"Ndafufuza pa foni mpaka chala kuwawa. Mukutuluka mabuku awiri basi."

A Kachingwe anadzuka monga mwa mwambo wawo, n'kubwerako ndi mabuku awiriwo, n'kuwaika m'manja mwa mayiyo. Lyness anatsegula loyamba, n'kuona chaka chake, n'kuphulika nacho chiseko ngakhale anali pamavuto.

"Ada, bukuli ndi mkulu wanga! Nthawi imene linkalembedwa amama anali asanakumane ndi adada."

Mwamanyazi pang'ono, mkuluyo anakankha chitseko n'kumuonetsa pepala lija. Anafotokoza kuti zatsopano zonse zili mmenemo, bola munthu adziwe kampani imene imatulutsa magazini amene akufuna, alowe pa tsamba lake, kenako afufuze. Lyness analiyang'ana pepalalo kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Ine ndimadziwa matenda a mpunga, ada, makampani sindiwadziwa. Ndipo chitsekochi sindingachisenze kupita nacho ku Limphasa. Alimi akuwokera sabata ino, akundidikira kumunda. Chimene ndimatha kutsegula kumeneko ndi katalogi yanuyi basi."

Anatola mapepala ake n'kuthamangira minibasi. A Kachingwe anatsala chiimire, mabuku okalamba aja ali m'manja. Zinawapweteka kwambiri. Anaona kuti katalogi yawo yosanama ija inali itamunamiza mayiyu, pomuuza kuti laibulale ili ndi zinthu ziwiri pamene inali ndi mazana. Komabe lamulo la zaka makumi awiri silithyoka ngati kamtengo kouma. Anazungulira laibulale katatu akudziyankhulira.

Yankho analipeza kuseri kwa khitchini ya koleji, kumene ophika anaunjika makatoni a sopo oti awotche. Anawapempha, anawadula mofanana ngati mabuku onenepa, n'kuwamata. Pamsana pa katoni iliyonse analembapo dzina la magazini ndi nambala yake, n'kuiimika pa shelefu yam'mwamba imene inali yopanda kanthu. Atabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana, mtima unakhala pansi. Chinthucho tsopano chinali ndi malo. Apo mpamene anakhala pakompyuta n'kulowetsa magazini oyamba m'katalogi, linki yake n'kuimangirira pomwepo.

Lachiwiri lonse inali yomweyo: kudula katoni, kulemba, kulowetsa, kuyesa linki ngati ikutseguka. Anayamba ndi za mpunga, za nthaka ndi za ulimi wothirira. Pa magazini aliwonse ankawonjezera mayina a mbewu ndi matenda, kuti munthu wosadziwa makampani azingolemba chimene chikumuvuta. Aphunzitsi ankasuzumira pakhomo n'kumafunsa ngati laibulale yasanduka golosale. Ophunzira achidwi ankatsitsa makatoniwo, n'kupezamo kapepala kolembedwa mosamala: "Muno mulibe. Tsegulani katalogi, lowani ndi nambala yanu ya sukulu, dinani linki." Laibulale yonse inkanunkhira sopo, ndipo a Kachingwe analibe nazo ntchito.

Lachitatu m'mawa anatumiza uthenga waufupi kwa Lyness: "Tafufuzaninso, mayi." Kenako anadikira, foni ili pa tebulo, akuiyang'ana ngati mphika wosachedwa kusefukira. Inalira chakumasana.

"Ada! Ada, zatseguka!" Mawu a Lyness ankamveka pamodzi ndi madzi oyenda m'ngalande. "Ndili pa mzere wa munda, matope mpaka m'mawondo. Ndalemba dzina la matenda aja, kwatuluka magazini khumi ndi anayi! Umu muli kafukufuku wa chaka chathachi, matenda omwewa, mpunga wofanana ndi wathu. Ndakuwa mpaka alimi athawa, amayesa ndaona njoka!"

A Kachingwe anaseka mpaka kupukuta maso, iwo amene ankaletsa anthu ngakhale kutsokomola mu laibulale. Foni itaduka anayang'ana manja awo. Kanali koyamba kuthandiza wophunzira osamugwiritsa kanthu, ndipo chimwemwecho chinali ndi kachilendo kake. Anatenga lumo n'kupitiriza kudula makatoni a za nsomba ndi chinangwa.

Lachisanu, itangokwana leveni koloko, uthenga wothokoza m'Chitonga unafika: "Kafukufuku uja alandira. Yewu ukongwa, ada."

Patapita miyezi inayi, tsiku la mwambo wotsiriza maphunziro, Lyness anabwera mu laibulale atavala gauni, ana ake atatu ali pambuyo. Makatoni anali atadzaza mashelefu atatu. Anawayang'ana, n'kugwira pakamwa, kenako anatulutsa m'chikwama buku la kafukufuku wake uja, lachikuto chobiriwira, dzina lake lili pamsana.

"Tambasulani manja, ada," anatero. "Zija munandipatsa zinali zosagwirika, ndikudziwa zinakuvutani. Ichi ndabweretsa chogwirika."

Analiika m'manja mwawo monga mmene iwo ankachitira ndi aliyense zaka zonsezo. Mkuluyo analitembenuza, analisisita, n'kuyeza kulemera kwake.

"Koma musangolitsekera pashelefu," anapitiriza Lyness. "Anzanga a ku Usisya sangakwere boti kudzawerenga kuno. Kope la pakompyuta ndinakutumizirani dzulo."

"Nambala ya shelefu idikire, mayi," anayankha a Kachingwe akukoka mpando. "Tiyambe ndi linki."

Analemba ndi dzanja limodzi, pang'onopang'ono, chifukwa linalo linali litakumbatira bukulo pachifuwa ndipo sanafune kuliika pansi.