Bondo Siliponya Mpira

Kuyambira m'mawa a Lumo ankangozungulira m'nyumba yawo yometeramo tsitsi ngati nkhuku yofuna kuikira. Ankati akakhala pansi n'kudzukanso, akatola makina ometera n'kuwabwezeranso pashelefu, kenako n'kupita pakhomo kukasuzumira mumsewu. Anasesa pansi pomwe panalibe tsitsi loti n'kusesa. Foni yawo inalira m'thumba, ndipo ataona kuti ndi akazi awo anangoisiya kuti idzitopere yokha. Ankadziwa kale zimene mayiwo ankafuna kunena.

Chowasowetsa mtendere chinali bondo la mwana wawo. Mnyamatayo, yemwe mzinda wonse unkamutcha Mlongoti chifukwa cha kutalika kwake, ndiye anali katswiri wa timu ya basiketibolo ya malaya ofiira. Timuyo inali mu ndime ya chipulula, ndipo inali itafanana mphamvu ndi timu ya malaya obiriwira. Masewero a mawa lake ndiwo anali omaliza, wogonja akapumule kwawo. Koma pa masewero apitawo Mlongoti analumpha kukalanda mpira pansi pa ringi yoponyamo mpira ija, n'kutera moipa ndi mwendo wamanzere, ndipo anatuluka m'bwalo atayedzamira mapewa a anzake.

Anthu onse a mumsewumo ankadziwa chinthu chimodzi. Chiyambire ali mwana, Mlongoti sanalowepo m'bwalo bambo ake asanamumete dzulo lake. Choncho tsikulo benchi yodikirira inadzaza, mpaka ndi anthu a dazi omwe. Aliyense ankafuna kuona ndi maso ake: akameta, ndiye kuti mawa asewera.

Wotsogolera phokoso anali a Dalaivala, woyendetsa takisi amene anabwera kudzachepetsa ndevu koma n'kuiwala zobwerera ku ntchito. Iwo ankati anamva pa wailesi kuti madokotala asiya nkhaniyo m'manja mwa mwini bondo, ndipo kuti jakisoni mmodzi ndi wokwanira kugoneka ululu mpaka masewero atatha. Ankati timu yofiira popanda Mlongoti ndi galimoto yopanda injini, chifukwa kamnyamata kolowa m'malo mwake kaja kamaponya mpira ngati kakuthamangitsa nkhuku pakhonde. Wina anatsutsa kuti ngakhale Mlongotiyo chaka chino waphonya mipira yambiri yaulere, koma anthu anamukuwiza mpaka anangoyang'ana pansi.

Pakhomo panali pataima a Telala, osoka zovala pa chitseko choyandikana, tepi yoyezera ili m'khosi, kumutu atavala kapu yobiriwira. Iwowa anali mlongo wawo wa akazi a Lumo, kutanthauza kuti anali malume ake enieni a Mlongoti, koma pa nkhani ya mpira anali mdani wa msewu wonse.

"Alamu," anatero a Telala, "ine ndinamuona mwana uja mmene anagwera. Bondo likapindikira mkati chonchija si la jakisoni ayi. Muuzeni apume."

A Dalaivala anaseka mpaka kumenya ntchafu. Anafunsa anthu ngati anamuonapo fisi akulangiza mbuzi za kogona. Anati malume ovala zobiriwira chifundo chawo chimabwera pa nthawi yake ndithu, dzulo la masewero omaliza. Kenako anatembenukira kwa a Lumo.

"Achimwene, tawakumbutsani alamu anuwa mawu anu aja."

Benchi yonse inayankha pamodzi a Lumo asanatsegule pakamwa: "Bondo siliponya mpira."

Mawuwo analidi awo. Chaka chatha katswiri wa timu yobiriwira anakhala pa benchi pa masewero ofunika chifukwa cha bondo, ndipo a Lumo anawavutitsa nawo alamu awo mwezi wathunthu. Ankati mpira umaponyedwa ndi manja, za bondozo ndi mantha chabe ovala bandeji. Mawuwo anafalikira mumsewu monse, moti ngakhale amayi potuma ana aulesi ku golosale ankawanena. Tsiku limeneli a Lumo anangomwetulira pang'ono n'kuyamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

Dzuwa litapendeka, galimoto yakuda inaima panja. A Lumo anaona chinthu chimene ena sanachione: mwana wawo, yemwe sankalola munthu aliyense kugwira chiwongolero chake, anatsikira ku chitseko cha wokwera. Anali atavala buluku lotaya, lobisa miyendo. Anawerama polowa pakhomo monga mwa nthawi zonse, mwendo wamanja patsogolo, wamanzere ukutsatira mochedwa ngati mlendo.

Anthu anaombera m'manja. Mlongoti anapatsa moni malume ake powagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuwaseka kuti kapu yawoyo mawa idzasanduka chopukutira misozi. Kenako anaima pafupi ndi mpando wometera.

"Ndabwera, bambo. Mundimete ngati kale."

A Lumo anatenga nsalu yofunditsa ndi chipeso. Kaya anachita dala, kaya dzanja linangowaterera, ngakhale eni akewo sakanatha kunena. Chipesocho chinagwa n'kuterereka mpaka pa nsapato ya mnyamatayo.

"Tanditolera chipesocho, mwanawe."

Mwana woleredwa bwino sadikira kuuzidwa kawiri. Mlongoti anagwira mpando ndi dzanja limodzi n'kuyamba kutsika. Kwa munthu wamtali chotero pansi ndi patali. Mwendo wamanja unapinda bwinobwino, koma wamanzere unakana, unangoti nga. Anayesa kuuponya kumbuyo kuti awerame ndi msana wokha. A Lumo sankayang'ana mwendowo, ankayang'ana m'galasi, momwe nkhope ya mwana wawo inkaoneka yonse: mano ataluma mlomo, thukuta litatuluka pamphumi, maso atatsinzina. Zala zinatsala pang'ono kufika pa chipesocho, koma sizinafike.

Amene anachitola anali a Dalaivala. Anachipereka kwa a Lumo osayang'ana munthu kumaso, n'kubwerera pa benchi. M'nyumbamo munangotsala mawu a wailesi yakanema yomwe inali pamwamba pa kabati.

Mlongoti anadzuka pang'onopang'ono, n'kudzikakamiza kuseka. Anati zimenezo n'zazing'ono, m'bwalo mulibe zipeso zotola. Anati kochi akumudalira, anzake akumudalira, ndipo mwayi wofika pamenepa ena amaudikira moyo wawo wonse osaupeza.

"Komanso si inu munatiphunzitsa, bambo? Bondo siliponya mpira."

A Lumo anapinda nsalu ija mosamala n'kuiika pa mpando.

"Ndinkanena mwana wa eni ake," anatero.

Palibe anaseka, ngakhale a Telala amene anali ndi ufulu wonse woseka.

"Lero sindikumeta. Tsitsi silithawa. Ndidzakumeta tsiku limene udzatole chipeso pansi."

"Ometa ndi ambiri mumzinda muno, bambo."

"Alipo ambiri. Ena amameta bwino kuposa ine. Pita."

Mnyamatayo anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Sanatsanzike. Anawerama pakhomo n'kutuluka, ndipo ulendo uno sanavutikenso kubisa kutsimphina kwake. Galimoto itanyamuka, benchi inayamba kung'ung'udza. Wina anati makolo ena amapha tsogolo la ana awo ndi chikondi. Wina anati akuluakulu a masiku ano mawu awo ali ngati mpando wometerawo, amatembenukira kulikonse. Mmodzimmodzi anatuluka, ena tsitsi lawo lili chimodzimodzi mmene anabwerera.

Tsiku lotsatira a Lumo anatsegula mochedwa. Anali atamuimbira mwana wawo m'mawa koma foni inangoitana. Akazi awo nawo sankadziwa kanthu, anangoti mwanayo wawayankha kuti ali bwino, basi. Masana, ambiri mwa ochemerera anapita kukaonera masewerowo kwina. Anatsala ndi a Telala okha, kuphatikiza a Dalaivala omwe anati abwera chifukwa ndevu zawo zija sizinachepetsedwe dzulo, osati chifukwa china chilichonse.

Osewera atayamba kulowa m'bwalo, a Lumo analephera kukhala. Anaima pansi pa wailesi yakanemayo, khosi lili chagada, akuwerenga mitu. Unalowa mutu woyamba wa malaya ofiira, wachiwiri, wina, winanso. Kenako kamera inayenda m'mbali mwa bwalo n'kuima pa benchi. Mlongoti anali pamenepo, atavala jekete, mwendo wamanzere atautambasula. Tsitsi lake linali nyankhalala, ndevu zosameta, nkhope ili gwa ngati chitseko chotseka.

A Lumo anakhala pa mpando wa makasitomala.

"Tatha ife," anatero a Dalaivala. "Mwatipha, achimwene."

Sananame kwenikweni. Pofika pakati pa masewero timu yobiriwira inali patsogolo ndi mapointi ambiri, ndipo kamnyamata kothamangitsa nkhuku kaja kanali kataphonya mipira yoti ngakhale a Dalaivala ankalumbira kuti akanaiponya atatsinzina. Nthawi iliyonse imene obiriwira agoletsa, a Telala ankayamba kudzuka, n'kukumbukira, n'kukhalanso. Mapeto ake anavula kapu ija n'kuipinda m'thumba, ati mutu ukutentha.

A Dalaivala anakhala pa mpando wometera akudandaulabe, ndipo a Lumo anawafunditsa nsalu. Koma maso a Lumo sankachoka pa kanema. Kamera ikabwerera pa benchi ankaima, makina akulira m'dzanja, n'kumayang'ana mutu wa mwana wawo. Kumbuyo kwa khutu lamanja tsitsi linali litakula moipa, pamalo pomwe limakonda kupotana chiyambire ali khanda. Wometa wina aliyense sakanadziwa kuti pamenepo makina amayenda chobwerera.

"Ndevu zanga zili kuno, achimwene, osati kumwambako."

A Lumo anameta tsaya limodzi, n'kuzimitsa makina. Anatulutsa foni, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Panja panamveka galimoto ikuchepetsa liwiro. Ankadziwa bwino lomwe kuti mwana wawo ali pa benchi kutsidya lina la mzinda, akumuona ndi maso awo pa kanemapo, komabe anawasiya a Dalaivala ndi tsaya limodzi losameta n'kupita pakhomo kukasuzumira mumsewu.